Mlamu Wofika Nthawi ya Chakudya

Chaka changa chachiwiri ku Middlesbrough, ku Mangalande, ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Ndinkatsika basi, kugogoda, kuwasambitsa, kuwapatsa mankhwala, kenako n'kuthamangira basi ina. Lachitatu masana ndinkapita kwa bambo ena achitaliyana, okalamba ndithu. Anabwera kuno ali mnyamata, ndipo moyo wawo wonse anagulitsa ayisikirimu pagalimoto m'misewu ya tauni yomweyi. Akazi awo anali atamwalira. Miyendo inali itatupa, koma pakamwa panali pamoyo.

Nthawi zonse ndinkawapeza akuonera filimu imodzimodzi, yakalekale, ya nthabwala za kwawo. Mawu omasulira pansi panalibe. Anthu a m'filimumo ankalankhulira pamodzi, manja ali m'mwamba, ngati pa kaunjika belo likangomasulidwa. Bambowo ankayamba kuseka nthabwala isanafike. Ine ndinkangoti ndi ukalamba, n'kupitiriza kuwapaka mafuta.

Tsiku lina ndikuwaveka masokosi ndinakweza maso. M'filimumo banja linali patebulo, mayi akugawa kankhuku kamodzi. Wina anasuzumira pawindo n'kuona mlamu akubwera, chipewa chili pamutu. Nthawi yomweyo mbale zinabalalika: ina pansi pa bedi, ina m'kabati, ina mayi wokalamba anaifunditsa siketi. Mlamu analowa, ananunkhiza, anavula nsapato, n'kuyamba nkhani yaitali. Ana ankameza malovu. Kenako mphaka analunjika pansi pa bedi, mlamu n'kumutsatira chokwawa. Ndinaseka mpaka sokosi inagwa m'manja.

Bambowo anachepetsa mawu a kanema n'kundifunsa ngati ndimamva Chitaliyana. Ndinati ayi, koma munthuyo ndikumudziwa. Ndinawauza za amalume anga a ku Balaka amene njinga yawo inkaphwa tayala pafupi ndi nyumba yathu tsiku lililonse limene mayi agula nyama.

"Kwanunso aliko?" anatero, akupukuta misozi. "Ndiye kuti munthuyu anayenda kuposa ine."

Kuyambira pamenepo ankandisungira malo amenewo. Ndikagogoda ankaimitsa filimu, ndipo ndikamaliza ntchito tinkaonera limodzi mphindi zochepa ndisanathamangire basi.

Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, mphunzitsi ku Newcastle. Anabadwira kuno. Bambo ake akamulankhula m'Chitaliyana ankamva, koma ankayankha m'Chingerezi. Lachitatu lina anabwera ndi filimu yomweyo yokonzedwanso, zithunzi zowala, mawu omasulira ali pansi. Tinaonera atatu. Ndinadabwa kuti zimene anthu aja ankakalipirana zinali zazing'ono: mchere, ambulera, amene wasiya chitseko chosatseka. Zitalembedwa zinauma. Mwana wawoyo ankamwetulira mwaulemu basi.

Titapita kukhitchini anandiuza kuti samvetsa. Anakula akumva kuti kumudzi kwa bambo ake kunali njala, kuti anthu ankagona m'chipinda chimodzi ndi bulu, kuti anachokako chifukwa kunalibe chodikira. Nanga n'chifukwa chiyani munthu angakonde filimu yosandutsa zimenezo nthabwala? Funsolo ndinalitenga.

Sabata yotsatira ndinawafunsa eni ake.

"Njala ndimaikumbukira ndekha, sifunika filimu," anatero. "Chimene ndimaiwala n'choti tinkaseka."

Kenako anabweza filimu m'mbuyo n'kundionetsa chinthu chimene sindinachionepo. Kumbuyo kwa anthu okangana kunkadutsa mayi wogulitsa mazira, dengu lili pamutu, akuitanira malonda. Sankatha ngakhale mphindi. Bambowo anati mayi awo ankakoka mawu chimodzimodzi powaitana madzulo. Anapitako kwawo kangapo, koma adzukulu a kumeneko amalankhula ngati owerenga nkhani pa wailesi. Kalankhulidwe kaja kanatsala m'kamwa mwa wogulitsa mazira yekhayo.

M'basi tsiku limenelo ndinaganiza za ana anga awiri. Ndinazindikira kuti Malawi amene ndinkawapatsa anali wa chilango. Akasiya chakudya, ndinkawauza za chaka cha njala. Akadandaula za mvula, ndinkawauza za mtunda umene ndinkayenda kupita kusukulu wopanda nsapato. Zonsezo n'zoona, koma kwathu sikunali maliro tsiku ndi tsiku. Tinkaseka mpaka kugwira nthiti, nthawi zambiri poseka umphawi wathu womwewo. Zimenezo sindinkawauza, ndipo inenso zinayamba kundithawa.

Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake anthu amaikonda filimu ngati imeneyi, ngakhale amene sanapondeko ku Italy. Siinama kuti moyo unali wofewa. Nkhuku ndi imodzi, anthu ndi asanu ndi atatu. Koma palibe amene ali yekha, ndipo ngakhale wosautsa ali ndi mpando wake.

Chilimwe chisanathe bambowo anagwa m'bafa, ndipo mwana wawo anawatengera kunyumba yosungira okalamba pafupi ndi iye. Kuofesi anangondiuza kuti Lachitatu ndili ndi munthu wina. Sindinatsanzikane nawo.

Loweruka la sabata yomweyo ndinaimbira akulu anga ku Blantyre n'kuwapempha kuti andikumbutse zoseketsa za kwathu. Anayamba ndi tsiku limene mbuzi inalowa m'tchalitchi n'kudya maluwa a ukwati, mkwati akuyang'ana, abusa akupitiriza kupemphera diso limodzi lili lotsegula. Mwana wanga wamkulu anatsika kuchokera kuchipinda kwake kudzaona chimene chikundiseketsa mpaka misozi. Ndinamufotokozera m'Chichewa, pang'onopang'ono. Anaseka pamalo olakwika, kenako anandifunsa m'Chingerezi kuti mbuziyo inali ya ndani. Sindinkakumbukira. Akulu anga anati inali ya abusa omwewo.