Ubongo wa Kompyuta ya a Jailos

A Jailos Muhiwa anali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi cha ku Muloza, ndipo mu 1992 anali ndi chinthu chimene ngakhale akapitawo analibe: kompyuta m'nyumba. Musaganize kuti anali mpondamatiki. Mzungu wina pobwerera kwawo anaona kuti chinthucho n'cholemera kunyamula, n'kuwasiyira.

Akazi awo, a Edna, anali Mlomwe wosabisa, pa nthawi imene ambiri ankachita manyazi ndi chiyankhulo chawo. A Jailos anakulira ku mishoni, choncho Chilomwe chinkangowadutsa m'khutu. Masana a Lamulungu mayiwo ankakhala pakhomo kusenda nandolo, akutchula mawu a makolo awo ochokera kutsidya kwa malire, bambowo akutayipa ndi zala ziwiri. Akalakwitsa, a Edna ankawaseka mpaka misozi.

A Edna atamwalira, nyumba inakula. Ana anali kutali, alendo a maliro anabalalika, ndipo a Jailos anasungulumwa zedi. Kompyuta nayo inayamba ulesi. Ukaiyatsa, unkatha kutereka madzi mpaka kuwira isanadzuke.

A Lenard, amene ankabwera kuchokera ku Limbe kudzakonza makina a mu ofesi, anaiyang'ana n'kunena kuti ubongo wake ndi wachikale, pakufunika watsopano. Mawu akuti ubongo anawalasa a Jailos. Munthu ukamuchotsa ubongo amakumbukanso chiyani? Anakana kwamtuwagalu, miyezi itatu yathunthu, osanena chifukwa. A Lenard anangoti mdalayu ndi woumira.

Tsiku lina makinawo anakana kudzuka mpaka kachitatu, ndipo mantha anawaululitsa a Jailos pamaso pa a Lenard.

"Akazi anga ali m'menemu, achimwene. Musawafufute."

A Lenard sanaseke. Anafotokoza mofatsa kuti ubongowo umangoganiza basi, zosunga zimakhala pena, ngati chimanga m'nkhokwe. A Jailos anavomera, koma pomasula zitsulo anatuluka panja, monga amachitira munthu wodwazika dokotala akafika.

Ataitanidwa, kompyuta inadzuka asanakhale n'komwe pampando. Mawu onse analipo, mzere ndi mzere, masamba makumi awiri. Mtima unakhala m'malo, mwakuti anawagwira a Lenard dzanja kawiri.

A Lenard, Mngoni wa ku Ntcheu, anawerama n'kuloza mzere woyamba. Anafunsa mwaulemu kuti mawu amenewo amatanthauza chiyani.

A Jailos anayang'ana. Anatsitsa tsamba, n'kutsitsanso lina. Anali atalemba mawu okhaokha, opanda tanthauzo ngakhale limodzi.

"Sindinalembe," anatero motsitsa. "Ndinkangotembenuka n'kuwafunsa."