Njerwa Zimene Zinanditsogolera Kumudzi

Ndinaganiza zochoka tsiku limene tinakolola munda wonse wa atate koma chimanga chake osadzaza n'ngolo imodzi yomwe. Chinali chaka cha chilala chija, 1992, kwathu ku Nkomeshya, m'dera la Chongwe. Mkazi wanga Enelesi anali ndi pakati, ndipo ine, mwana wamwamuna mmodzi yekha pabanjapo, ndinkangozungulira pabwalo manja ali m'thumba. Atate sanandiletse. Anangoti, "Yenda Lazaro, koma usakaibale njila yobwelela." Ndinaseka, poganiza kuti munthu wamkulu ngati ine sangasokere.

Ku Joni ananditengera ndi a Mwale, dalaivala wa lole wa pa boma la Chongwe, amene ankayenda ulendo umenewo kawirikawiri. Iwowo ndiwo anandipezera ntchito kwa mzungu wina wa ku Italy, Bwana Enzo, yemwe anali ndi kamalo kodyera kuseri kwa nyumba yake. Tsiku loyamba bwanayo anatenga pasipoti yanga n'kuitsekera m'kabati, akuti isatayike. Ndinathokoza, kupusa kwanga. Masiku amene anandipatsa pa malire atatha, ndinasanduka munthu woopa ngakhale kusuzumira pageti, chifukwa apolisi ankagwira anthu opanda mapepala. Dziko langa lonse linali kachipinda kogonamo, mulu wa malasha, ndi mbaula.

Mbaulayo inali dramu lodulidwa pakati, la chivundikiro. Pa waya wake tinkayalapo njerwa za moto zisanu ndi zitatu, zachikasu, zolemera kuposa zathu zoumba pachulu. Pamenepo ndi pamene tinkaphikira pitsa, buledi wopyapyala ngati mbale, wopaka matimati ndi chizi pamwamba. Nditamuona koyamba ndinati m'mtima, azungu awa alibe chochita, chakudya chanji chopanda ndiwo zenizeni. Patapita chaka ndinkatha kudziwa kuti wapsa pongomva fungo, nditatembenukira kumbali.

Njerwazo ndinazidziwa nditalakwitsa. Sabata yachiwiri ndinaziona zada, ndipo ine woleredwa ndi amai osalola mphika kugona wosatsuka, ndinazikwecha ndi sopo mpaka zinawala. Ndinayembekezera kuyamikiridwa. Titayatsa moto, imodzi inaphulika ngati mfuti, ndipo pitsa yense wa tsikulo ankanunkha sopo. Bwana Enzo anagwira mutu, nayankhula chiyankhulo chakwawo nthawi yaitali. Atakhala pansi anandiphunzitsa kuti njerwa ya moto imamwa chilichonse chimene waipatsa. Sopo ikamwa, imakabwezera m'chakudya. Madzi ikamwa, amawira m'kati mwake pamoto n'kuing'amba. Anagula ina kulowa m'malo mwa yophulikayo, ndipo sanandikhululukire msanga.

Kuyambira pamenepo ndinkazisamala kuposa thupi langa. Ndinkaziyala mothinana, mbali yosalala kumwamba, zisanayambe kutentha, kuti zitenthere limodzi ndi moto pang'onopang'ono kwa ola lathunthu. Malasha ndinkakankhira m'mbali kuti lawi lisamenye malo amodzi. Pofuna kudziwa ngati zakonzeka ndinkawazapo kaufa ka chimanga: kakafiira bwino, ndiye kuti nthawi yakwana, kakada pomwepo ndiye kuti ndidikire. Tikamaliza sindinkazikhudza mpaka zitazizira zokha, kenako n'kupala zotsalira ndi bulashi ya waya, n'kuzisunga pouma. Lamlungu, anzanga a m'nyumba zina akapita kutchalitchi, ine ndinkakhala pambali pa njerwazo n'kumaziuza nkhani za kwathu. Sindichita manyazi kunena zimenezi. Ndinali wosungulumwa kwambiri.

Makalata ankabwera ndi a Mwale, ndipo kangachepe kamene ndinkapeza kankapita ndi iwo omwewo. Enelesi, yemwe anali atabereka mwana wathu Tisa, sankalemba zambiri. "Tisa ayamba kuyenda." Kenako, "Tisa afunsa kuti atate bake baoneka bwanji." Kalata ina inangoti, "Nalema kukhala mukazi wa munthu wa pa pepala." Imeneyo ndinaiwerenga kamodzi n'kuibisa pansi pa matiresi.

Ndiye ndinapanga nzeru. Ndinaganiza kuti ndikadzabwerera ndidzaika mbaula yanga m'mbali mwa msewu waukulu pa boma la Chongwe, n'kumagulitsa pitsa kwa anthu a magalimoto ochokera ku Lusaka ndi aphunzitsi a ku Chalimbana. Dramu ndikanalipeza, malasha kwathu sasowa, matimati ndiye osanena. Chosowa chinali njerwa basi. Ndikakhala nazo, ndidzagona m'nyumba mwanga masiku onse osapitanso kukagwada m'khitchini ya munthu. Mu 1996 bwana atagula zatsopano, ndinapempha zakalezo, zomwe zinali zikadali zolimba. Ndinazikulunga m'masaka, imodziimodzi, n'kupatsa a Mwale pamodzi ndi kalata yopita kwa atate. Ndinalemba kuti azisunge pamalo abwino koposa, mvula isazikhudze, chifukwa njerwa zimenezi ndizo zidzandibweza kumudzi.

Chaka chomwecho chisanathe atate anamwalira. Uthenga unandipeza patatha masabata atatu ataikidwa kale. Ndinapita kwa bwana kukapempha pasipoti kuti ndikaone manda okha. Anandigwira phewa, nati pepa kwambiri, koma Disembala wayandikira, makasitomala achuluka, tidzaona Januwale. Loweruka limenelo ndinaphika monga mwa masiku onse, ndikulira, n'kumanamizira utsi. Januwale anabwera n'kupita. Ndinatuluka mu 1998 chifukwa choti bwanayo anagulitsa nyumba, apo ayi mwina bwenzi ndikadali komweko. Pa malire anandikalipira chifukwa chopitirira masiku, nadinda pasipoti yanga kuti ndisadzabwererenso. Sindinadandaule. Ndinkadziwa kuti njerwa zanga zikundidikira.

Ndinafika kumudzi mwezi wa Meyi. Tisa, wazaka zisanu, anabisala kumbuyo kwa chitenje cha amake. Amai anandigwira kumaso ndi manja awiri, nati ndaonda. M'mawa mwake, tiyi asanazizire n'komwe, ndinafunsa Enelesi kumene anaika njerwa. Anayang'ana pansi.

"Funsani amai," anatero.

Amai anangovala mpango wawo n'kuti, "Tiye ukaone atate bako. Munthu amene sanalile malilo ayamba kumanda, osati kufunsa katundu." Ndinachita manyazi, n'kuwatsatira.

Ndinaziona tikadali patali. Zinali zitazungulira kumutu kwa manda, zonse zisanu ndi zitatu, zoyalidwa mothinana bwino ngati kuti ndinayala ndine. Theka lake linali litamira m'dothi. Madzinja awiri anali atadutsapo, ndipo m'mbali mwake munamera ndere zobiriwira. Ndinagwada, ndipo amai anaganiza kuti ndagwadira atate.

"Amai," ndinatero, "ninalemba kuti mvula isazigwile."

"Unalemba," anayankha. "Atate bako banazisunga pansi pa bedi yao. Mutenje ukadontha, benze kuuka kuzichotsa, beve odwala. Benze kuuza aliyense kuti Lazaro ali pafupi, katundu wake wafika kudala." Kenako anati, "Pa malilo bantu bananifunsa kuti mwana mwamuna ali kuti, aponye dothi. Ninalibe chokamba. Chako chamene chinalipo ni ichi chabe. Ninanyamula neka, imozi imozi."

Ndikanakonda kunena kuti mtima wanga unasungunuka pomwepo. Ayi. Ndili chigwadire pamanda a atate anga, mutu wanga unkawerengera kuti njerwa zonyowa chonchi, utaziyanika padzuwa masabata angapo n'kuziumitsa pa kamoto kofatsa, mwina zisanu ndi imodzi zingapulumuke. Masana ake ndinamuuza Enelesi zimenezi tili awiri kuseri kwa nkhokwe. Anandiyang'ana ngati ndabwera ndi misala ya ku Joni.

"Atate bake Tisa, mufuna kudyetsa bantu vakudya vophikila pa njerwa za kumanda? Zuba isanangene Chongwe yonse izaziba. Nanga amai muzabauza chani, kuti mwabwela kuchotsa mwana wao pamanda kachibili?"

Ankanena zoona, ndipo ndinamukwiyira masiku atatu chifukwa cha zoonazo.

Ndinayesa njerwa zathu zapachulu. Ndinasankha zopsa bwino, n'kuzitenthetsa mofatsa monga ndinaphunzirira. Ziwiri zinasweka moto usanakole n'komwe, ina inagumukira mu ufa, ndipo pitsa anatuluka wakuda pansi, wamuwisi pamwamba, wamchenga m'mano. Tisa analawa n'kulavula, agalu okha ndiwo anasangalala. Ku Lusaka ndinayenda mpaka nsapato kutha. Kumene ndinapeza njerwa za moto anandiuza kuti amagulitsa kwa eni mafakitale, mulu wonse, osati zisanu ndi zitatu. Ku Joni njira inali itatsekedwa, a Mwale nawonso anali atasiya kuyenda. Mvula isanayambe ndinalowa ntchito m'khitchini ya hotela ina m'tauni. Ndimakwera minibasi Lolemba m'mawa, n'kubwera Loweruka. Enelesi amati ndinangosintha Joni wautali ndi Joni waufupi, ndipo akatero saseka.

Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti kumudzi akudikira nzeru zanga ndi chuma changa. Iwo ankadikira munthu woti aime pambali pa dzenje tsiku lija, ndipo atasowa munthuyo anatenga chimene chinalipo. Zimandipwetekabe, ndipo sindidziwa amene ndingamukwiyire.

Mwezi wa Okutobala chaka chimenecho ndinapita ndi amai kukalambula manda. Ndinatenga bulashi yanga ya waya n'kuyamba kupala ndere pa njerwa iliyonse. Amai anali atabweretsa ndowa ya madzi ndi kachidutswa ka sopo, nati ndizitsuke ziwale.

"Iyai amai," ndinatero. "Izi sizifuna sopo."

Anandisiya. Nditamaliza ndinaika dzanja pa imodzi ya kumutu kwenikweni. Dzuwa linali litaiwomba kuyambira m'mawa, ndipo inali itatentha pang'onopang'ono mpaka m'kati, monga mmene zimafunira. Ndinasiya dzanja pomwepo mpaka amai anandiitana kuti tizipita, mawa ndi Lolemba.