Tinabwerera pa Chinyunyu

Tinanyamuka ku Mpanshya m'mawa, ine ndi mlongo wanga Agnesi, m'zaka zija za chipani chimodzi pamene mabasi ankasowa ngati sopo. Agnesi ankabwerera ku yunivesite ku Lusaka kukamaliza chaka chimene mimba inamudulira. Anali atatopa kuphunzitsa pasukulu ya mishoni ngati wongogwirizira malo a ena. Mwana wake woyamwa, Dalitso, tinamusiya kwa amayi. Ndine ndinanenerera zonsezi kwa alamu anga, amuna a Agnesi, monga ndimanenerera mtengo wa mbuzi pamsika. Ndinenso ndinagula tsabola wopaka kumabere kuti mwanayo aleke kuyamwa.

Pamsewu waukulu tinapeza lole ya chimanga. Dalaivala anati makwacha atatu munthu mmodzi. Ndinamugwetsa mpaka awiri, bokosi la mabuku ulere. Ndinakwera ndikudzitama, osadziwa kuti lole yotchipa imayenda ngati ikuperekeza maliro.

Pa Rufunsa msilikali anatsegula bokosi lija. "Mabuku onsewa a mzimayi?" Anatisiya akuseka. Ndinagula mbatata yootcha, Agnesi osaikhudza. Pomwepo panakwera mayi wina wobereka khanda, ndipo khandalo litangoyamba kulira, bulauzi ya Agnesi inanyowa pachifuwa ponse.

Masana injini inawira pa Chinyunyu, kuposa akasupe otentha akumeneko. Tili chidikirire, mayi uja anayang'ana bulauzi, nayang'ana msana wopanda mwana. Kenaka anagwada pamatumba, nagwira dzanja la Agnesi ndi manja awiri monga achitira pamaliro.

"Pepani, amayi. Munaika liti?"

"Ali moyo!" ndinakuwa. "Ali kwa ambuye ake, amayi athu."

"Ali moyo? Nanga mkaka wake ukutayikiranji pamsewu?"

Agnesi anatsika, nawoloka msewu kukaima mbali ya magalimoto obwerera kwathu. Ndinamutsatira, ndi kuyamba ntchito yanga.

"Kayese temu imodzi yokha. Chabwino, mwezi. Sabata, mlongo wanga!"

"Achimwene, tsitsani bokosi."

Pamsika sindinaonepo munthu wouma chotero. Dalaivala naye anakana kubweza ngakhale ngwee. Basi yobwerera ndinalipira osanenerera.

Tinafika dzuwa likulowa. Agnesi anakhala pakhonde, natenga Dalitso, namupatsa bere. Mwanayo anatembenuza mutu nalira. Ankakumbukira tsabola.

Malo a Agnesi ku Lusaka anawapatsa wina. Bokosi lija lero ndi mpando wa alendo. Ine ndimagwetsabe mitengo ya anthu, koma ndinaphunzira kuti sindiyenera kunenerera katundu amene wolipira wake ndi wina.