Amayi Osakalipa a ku Laibulale

Amayi amene amayang'anira laibulale ya pakoleji pathu sakalipa. Amangovula magalasi n'kukuyang'ana, iwe n'kuyamba kuulula zimene sanakufunse. Buku likasowa amangoti, "Buku lilibe miyendo."

Ine ndimagwira ntchito pakauntala m'laibulalemo. Mwezi watha ndinabwereka mlamu wanga buku loletsedwa kutuluka, kope limodzi lokhalo, osalemba paliponse. Iye anakaliiwala m'basi. Amayiwo anandiitanitsa ku ofesi. Ndinadziwa kuti ntchito yandithera.

"Akuluakulu ndawauza kuti ndalitaya ndine," anatero. "Ine ndikupuma pa ntchito chaka chino, inu muli ndi ana aang'ono. Bwererani, pakauntala pali mzere."

Ndinabwerera n'kuyamba kudinda mabuku. Mpaka lero za bukulo sanazitchulenso, ndipo akamadutsa pafupi ndimalephera kudzutsa mutu.