A Jeke ndi kagalimoto ka dokotala wa mano

Dzina lawo lenileni linatsalira pachiphaso. Aliyense ankangoti a Jeke. Ntchito yawo chiyambire inali yokweza magalimoto. Mapikapu onyamula njerwa, maminibasi ofooka ndi katundu, iwo ankawonjezera masipuling'i kumbuyo, galimoto n'kutuluka m'garaja itadzutsa matako. Ndipo sinkabwerera kwa mwini wake asanaiyendetse okha. Ankati bawuti yosamanga bwino umaimvera pampando.

Kenaka mawondo anayamba kuwaukira. Akazi awo ndi mwana wawo wamkazi analankhula mpaka malovu kuuma kuti atseke garaja. Koma a Jeke ndi makani, ndi pachibale. Ankaopa kukhala pakhonde kuwerenga anthu odutsa.

Tsiku lina dokotala wa mano anabweretsa kagalimoto kakale ka mipando iwiri, kofiira, denga lake lolekeza m'chiuno mwa munthu.

"Achimwene, kumbuyoku kwakwera ngati kakufuna kudumpha mpanda. Mukatsitse pang'ono."

"Kutsitsa? Anzanu amalira kuti tikweze."

"Ine sindinyamula njerwa."

A Jeke anaseka, ntchito n'kuilandira. Sanadule sipuling'i ngati achangu pantchito. Anakweza kagalimotoko ndi jeke, anamasula mabawuti ogwira ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala akumbuyo, nalowetsa kachitsulo kosema okha pakati pa ekiselo ndi sipuling'i, uku ndi uku. Anamanga ndi mabawuti atsopano otalikirapo. Atakatsitsa, tayala linabisa mutu m'madigadi, mbali zonse mofanana. Kanakongola, zoona zake.

Kulowamo sikunavute, anangodzigwetsera pampando. Anazungulira mpaka kumsika, anadutsa pahampu mopingasa, osamva kukhula kapena kugogoda. Anabwerera, anaimika m'garaja, anatsegula chitseko, natulutsa mwendo umodzi.

Thupi linakana. Mpando unali pansi kwenikweni, mawondo ali m'mwamba kuposa chiuno. Anakoka chiwongolero, anakankha chitseko, thukuta kamukamu. Anachita mantha, mantha enieni, kenaka manyazi.

Akazi awo atabwera ndi tiyi anawapeza akadali momwemo.

"Bambo a mwana, tiyi akuzizira."

"Ndikumvetsera kaphokoso kena."

"Injini ili chozima."

Mayiwo anaika kapu pabenchi. Anayang'ana mwendo uli panjawo, nayang'ana nkhope. Anakankha geti kuti odutsa asaone, anawerama, nati, "Gwirani khosi langa."

A Jeke anagwira. Anadzuka pang'onopang'ono, awiri onse akubuula, girisi atadetsa bulauzi.

Anamwa tiyi chiimire, atatsamira benchi. Kunja kunalira hutala ya minibasi yofuna ntchito. Sanatembenuke.

"Amayi," anatero, "kawauzeni kuti apite kwina."