Nkhope ya Achimwene Kuseri kwa Galasi

Ndinadzuka tambala asanalire, nkhungu itakuta mapiri a ku Ntchisi. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba pasiwa anali atasasa mawu, ndipo kuseri kwa nyumba moto wa nyemba unali utayaka kale. Bokosi la achimwene linali pabalaza, lomata ndi chitsulo monga linabwerera kuchokera kunja, kagalasi kokha pankhope.

Amayi athu anachita khungu achimwene ali kunjako. Kwa iwo kuona munthu n'kumusisita ndi manja. Chifikireni bokosilo ankangopempha chinthu chimodzi, kuti awatsegulire.

Dzuwa litakwera anthu anadzaza bwalo, ena pa malole a fodya ochokera ku Mponela, ena atavala nsalu za zipani ngati kuli msonkhano. Ndinawatsata amalume, eni mbumba, kukawadandaulira. Anayankha osandiyang'ana: "Iwe, boma linamata ili. Ukufuna undimangitse?" Mpaka lero sindinawakhululukire.

Kenako anaimirira mnzawo wa achimwene wa ku yunivesite, wa suti yonyezimira, amene anaperekeza maliro. Anafotokoza kuti malemu ankafufuza za golovesi ya mawaya: ukaivala n'kugwira chinthu cha pa kompyuta, umachimva m'zala ngati chilipodi. Tsiku lina, akuti, munthu adzagwira dzanja la m'bale wake ali kutsidya la nyanja. Wina kumbuyo anang'ung'udza kuti ndi ufiti wa azungu. Ine mtima unandiwira. Zaka zonsezo achimwene osabwera kumudzi, kodi ankaphunzitsa makina kugwira anthu, amayi awo ali pakhonde kudikira?

Nthawi yoona nkhope itakwana mzere unadutsa, aliyense n'kusuzumira. Ndinawagwira dzanja amayi n'kuwafikitsa. Anapapasa galasi lija m'mbali ndi m'makona, kufunafuna polowa chala. Adzukulu atayamba kutsokomola posonyeza kuti nthawi yatha, amalume anawachotsapo amayi. Tinatsetsereka kumanda mphepo ya mwera ikutimenya kumaso. Wasuti uja asanakwere galimoto anaika golovesi ija m'manja mwa amayi, ati chikumbutso.

Madzulo anthu atabalalika nyumba inangoti zii. Ndinawapeza amayi pamphasa akusisita golovesi ija, chala chimodzichimodzi. Anapisamo dzanja, n'kulitulutsa.

"Iyi si yake. Mwana wanga zala zake n'zazifupi."

Anaikankhira kumbali, n'kupinda manja.