Sanali Matsagwidi

Tsaya la mwana wanga Tadala linayamba kutupa mu Meyi chaka chatha, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anzanga kuno ku Chinsapo anati ndi matsagwidi. Ndinamuveka mkanda wa zitsononkho m'khosi, monga ankatichitira amayi kwathu ku Dedza, n'kumadikira. Patatha masabata atatu tsaya linali litakula, mano awiri akugwedera, ngakhale phala linkamuvuta. Apo ndinadula mkanda uja n'kukwera naye minibasi.

Kuchipatala chaching'ono anatitumiza kuchipatala chachikulu, komwe anatigoneka. Anamubaya patsaya ndi singano kuti atengeko kanyama kokayeza. Zotsatira tinazidikira masiku asanu ndi anayi, ine ndikugona pansi pafupi ndi bedi lake. Chomwe chinkandipweteka kwambiri n'choti sindinkadziwa chomwe chikufuna kundilanda mwana. Popemphera ndinkangoti, "Ambuye, chinthu ichi."

Zotsatira zitabwera ndinalimba mtima. "Adokotala, ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Tandiuzani m'Chichewa, n'chiyani chimenechi?"

Anakoka mpando n'kukhala. "Amayi a Tadala, si chotupa chilichonse chimene chili khansa. Zina zimangokhala pamalo amodzi, tikachotsa basi zatha. Khansa ndi ija imafalikira, ndipo ilipo mitundumitundu: ya m'magazi, ya m'mafupa, ya pakhungu. Ya mwana wanuyi timaitcha limfoma. Imakula msanga, komanso imamva mankhwala msanga. Mwachita bwino kubwera, musanachedwenso."

Ndinawapempha kuti andilembere dzinalo mkati mwa chikuto cha buku langa la nyimbo. Analemba akumwetulira. Kuyambira tsiku limenelo, popemphera ndinkaitchula dzina lake lenileni, ndipo mantha anachepa.

Mankhwala ankamupatsira mu dilipi. Ankasanza, tsitsi lonse linathothoka. Pasanathe masabata awiri tsaya linaphwa, ine n'kuyamba kupinda zofunda. Anamwino anandigwira mkono. "Mukupita kuti, amayi? Kuphwa si kuchira. Mumalize mankhwala onse." Ndinamvera, ndipo tinamaliza mu Seputembala.

Lero Tadala ali Sitandade 3. Tsitsi linamera, ndipo amakukuta chimanga chootcha ndi tsaya lomwe lija. Tsiku lopita kukapimitsa sitidumphitsa. Ndimathokoza Mulungu, ndimathokozanso adokotala aja amene sananyansidwe ndi funso langa.

Amayi anzanga, chotupa chikatha sabata osaphwa, nyamukani. Mukafika, musachite manyazi kufunsa dzina la matendawo mpaka mumve. Ine masabata atatu aja ndimawakumbukirabe. Zitsononkho masiku ano ndimangosonkhera moto.